Chitsulo Chimene Anakhoma Pathanthwe la Apongozi

Nditapuma ntchito ku Chileka ndinabwerera ku Lirangwe, kwawo kwa akazi anga, kumene ndine mkamwini. Ntchito yanga pabwalo la ndege inali yoyeza nyengo. M'mawa uliwonse ndinkathira madzi a mvula m'kagalasi ka mizere, kuona kumene mphepo ikuchokera, kuyang'ana kutalika kwa mitambo, kenako n'kulemba zonsezo kuti oyendetsa ndege adziwe za kumwamba asananyamuke. Kumudzi ankangonditcha kuti a zanyengo, ndipo mvula ikachedwa ankandifunsa pachigayo, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, kuti ndaibisa kuti. Ambiri ankafunsa akuseka. Analipo ena amene sankaseka.

Munda umene timalima ndi wa malemu apongozi anga aakazi. Chakumtunda kwake kuli thanthwe lalikulu, losalala pamwamba, pamene akazi anga amayanika nandolo ndi makaka. Woyang'anira malo onse a mbumba yawo ndi alamu anga, achimwene awo aakulu a akazi anga. Iwowa anagwira ulonda ku Limbe zaka zambiri, ndipo anabwerako ndi chizolowezi choyamba kuyang'ana munthu m'manja asanamuyang'ane kumaso. Ine ndi iwo sitinakanganepo, komanso sitinkacheza kwenikweni. Ankandiona ngati munthu wa mapepala, ndipo sankalakwa.

Galimoto inabwera mwezi wa Ogasiti, fumbi lili koboo m'misewu. Tsiku limenelo alamu anali kumaliro ku Mdeka, akazi anga ali kumsonkhano wa amayi a mpingo ku Lunzu. Pakhomo ndinali ndekha, ndikukhoma mpini wa khasu. M'galimotomo munatuluka anthu awiri: bambo wina wa imvi, wosayankhulayankhula, ndi mayi wamfupi wovala nsapato zokwerera mapiri, atamanga chitenje pamwamba pa thalauza. Mayiyo ndiye ankayankhula. Anati amaphunzitsa za miyala ndi nthaka kuyunivesite, kuti kwa amfumu adutsako kale, ndiponso kuti atha masiku atatu akuzungulira kuchokera ku Chigaru, kufunafuna thanthwe lozikika bwino, losagwedera.

"Kusukulu kuja atiuza kuti inu munkagwira ntchito ya zanyengo," anatero. "Ndiye tinati bola, tapeza munthu amene amvetse msanga."

Ndivomere pano kuti mawu amenewo anandilowa. Panali patapita zaka zinayi popanda wondifunsa za ntchito yanga mosaseka. Ndinawatulutsira mipando, ndinawapatsa madzi, n'kukhala ngati munthu amene wabwerera muofesi.

Mayiyo anafotokoza motere. Dziko lathuli lili pamng'alu. Chigwa cha Shire ndi malo amene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, mbali ina kulowera kwina, inanso kwina, ndipo n'chifukwa chake kuno kumachita zivomezi. Iwo ankafuna kukhoma chitsulo m'thanthwe, pamwamba pake n'kuikapo chipangizo chomvera masetilaiti, omwe aja amauza foni kuti ili pati. Kusiyana kwake n'kwakuti chawocho chimamvetsera usana ndi usiku chili pamalo amodzi, moti thanthwe likasuntha ngakhale utali wa njere ya mpunga pachaka, manambala amasonyeza.

"Chimodzi chokha sichingatiuze kanthu," anatero. "Timafuna zambiri, zoyandikana, kutsidya kuno ndi kutsidya lina la chigwa. Tikaziyerekeza m'pamene timaona kuti mbali iti ikupita kuti."

Kenako anawonjezera chinthu chimene chinandimaliza. Anati uthenga wa setilaiti umachedwa pang'ono ukamadutsa mumpweya wa chinyezi, ndiye manambala omwewo amathandizanso a zanyengo kudziwa madzi amene ali m'mlengalenga. Ndinamufunsa mafunso angapo, iye n'kumayankha akumwetulira, bambo wa imvi uja akuyang'ana wotchi. Atatulutsa pepala la Chingerezi lamasamba awiri, ndinaliwerenga ngati mmene munthu amawerengera chinthu chimene wavomera kale mumtima. Ndinasayina. Sindinaganize n'komwe zoti thanthwelo si langa.

Mawa lake anabwera ndi jenereta ndi chiboolera. Bambo uja anaboola mabowo anayi m'thanthwe, fumbi loyera likumuthira kumaso, n'kulowetsamo zitsulo zazitali zimene anaziwotcherera pamodzi pamwamba. Pamenepo anaikapo chinthu choyera chonga beseni lovundikira. Pambali anaimika sola, pansi pake bokosi lachitsulo lokiya, ndipo zonsezo anazizinga ndi waya, malo ake osaposa bafa ya kumudzi. Dzuwa lisanalowe anali atapita. Anandisiyira pepala langa ndi nambala ya foni, n'kundipempha kuti ndizipukuta sola fumbi likachuluka.

Akazi anga atabwera anakaima pathanthwepo nthawi yaitali, manja ali m'chiuno. Anangondifunsa kuti, "Achimwene akudziwa?" Ndinati ayi. Anatenga nandolo wawo n'kukayanika pabwalo, pamene nkhuku zinkamuvutitsa tsiku lonse.

Alamu anafika tsiku lachitatu. Sanalowe m'nyumba. Anandiitana kuti tikaonane kumunda, ndipo anazungulira waya uja kawiri, akugogoda bokosi ndi ndodo yawo.

"Alamu," anatero, "thanthweli munabwera nalo pochokera kwanu?"

"Iyayi, alamu."

"Nanga amene anasayina ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za masetilaiti ndi za mng'alu wa m'chigwa. Anandilola ndimalize, kenako anafunsa kuti kiyi wa bokosilo ali kuti. Ndinati anapita naye eni ake.

"Ndiye mwalola anthu osawadziwa akiye katundu wawo m'munda mwa amayi anga, kiyi n'kupita naye. Ine ndalondera mageti zaka zonsezi, sindinalolepo katundu wotseka kulowa ndisanaone m'kati."

Nkhani inayenda mudzi wonse sabata isanathe. Ena ankati chinthucho chikufufuza miyala ya mtengo wapatali, ndipo chikaipeza tonse tisamutsidwa. Ena ankati chimakoka mitambo n'kuitumiza kunja, ndipo poti wosayina ndinali ine wa zanyengo, zinkamveka zogwirizana. Amayi ena anasiya kudutsa njira ya kumundako popita kumjigo. Koma amene anandisowetsa mtendere ndi aneba athu a kumunsi, bambo wachisilamu wodekha, amene amagula nandolo m'midzi n'kukagulitsa ku Limbe. Iwowa sankanena za ufiti. Anabwera madzulo ena atachokera kumzikiti, anakhala pakhonde, n'kundiuza za bambo awo.

"Ndili wamng'ono tinkakhala kwina, aneba," anatero. "Kunabwera anthu aulemu kwambiri, ovala bwino. Anati akungoyeza. Anakhoma tizikhomo tating'ono, anamwa madzi athu, anatsanzika bwinobwino. Patapita zaka ziwiri panadutsa waya pomwe panali tizikhomo paja, ndipo munda wa bambo anga unapezeka uli m'kati mwa esiteti. Mpaka lero ndikaona munthu akuyeza nthaka, ndimakumbukira tizikhomo tija."

Ndinawatsimikizira kuti izi n'zosiyana, kuti ndi za maphunziro basi. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kunyamuka. Atangopita ndinakatenga pepala lija m'Baibulo, momwe ndinaliika, ndipo ulendo uno ndinaliwerenga ngati mmene ndikanawerengera tsiku loyamba. Panalibe pamene analemba kuti chipangizocho chidzachotsedwa liti. Panali mzere wonena kuti ofufuzawo pamodzi ndi anzawo ogwira nawo ntchito angathe kufika pamalopo nthawi iliyonse. Anzawowo sanawatchule maina. Panalibenso pamene analemba kukula kwa malo amene ndawapatsa. Mawu akuti "malo" anangoima okha, ndipo munthu wofuna akanatha kuwatanthauzira kuti thanthwe lonse, kapena munda wonse.

Ndinaimba nambala ija. Sinkapezeka. Ndinaimbanso mawa lake, n'kuimbanso sabata yotsatira, osayankhidwa. Kunja ndinkapitiriza kuuza anthu kuti palibe choopsa, koma ndikapita kukapukuta sola ndinkapezeka ndaika khutu pabokosi lija. Munkamveka kaphokoso kakang'ono ngati ka udzudzu. Pakhomo pake panali kagetsi kobiriwira kamene kankaphethira, ndipo ndinkadzifunsa kuti kakuphethirira ndani.

Chivomezi chinabwera mu Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinali pakhonde ndikusenda mango. Kunayamba kumveka ngati lole yodzaza miyala ikubwera chapatali, kenako mpando unagwedezeka, malata analira, makapu anagwa pashelefu, nkhuku n'kubalalika. Sichinatenge nthawi. Palibe amene anavulala, koma khoma la nyumba ya aneba linang'aluka kuchokera pawindo kufika pansi, mng'alu woti munthu n'kulowetsamo chala.

Ola lisanathe anthu anali atadzaza pabwalo pathu. Sanabwere ndi ndewu, koma sanakhalenso pansi. Ndinawauza kuti zivomezi zinalipo kuyambira kale, kuti ine ndemwe ndinamvapo zingapo ndili pantchito ku Chileka, chitsulocho kulibe. Akuluakulu ena anavomereza kuti n'zoona.

"Zinalipo, inde," anatero alamu. "Koma zaka zingati zapita osamva? Anthu abwera kudzaboola thanthwe, akunena za chivomezi, miyezi iwiri chivomezi chafika. Anadziwa bwanji?"

Ena ankati tichizule, tikachitaye mumtsinje wa Lirangwe. Alamu anakana. Anati katundu wa mwini saononga, chifukwa mawa amakusandutsa wakuba. Analowa m'khitchini mwa alongo awo, anatenga ndowa yachitsulo, anadumpha waya uja n'kuvundikira chinthu choyeracho, kenako anamanga ndowayo ndi waya wa m'matayala kuti mphepo isaichotse.

"Chizimvera ndowa," anatero. Anthu anaseka, n'kuyamba kubalalika. Linali Lachiwiri, cha m'ma 3 koloko.

Lachinayi m'mawa foni yanga inalira. Anali mayi wa kuyunivesite uja. Anapepesa kuti anali kunja kwa dziko kumsonkhano, anafunsa ngati tonse tili bwino chivomezi chija chitadutsa, kenako anati:

"Bambo, kodi pali chimene chaikidwa pamwamba pa chipangizo chija? Chikuoneka kuti chinaphimbidwa Lachiwiri, itangodutsa 3 koloko masana."

Ndinayang'ana kumtunda kumene kuli thanthwe, kenako kumwamba, ngati ndiona wina akundiyang'ana. Munthu ali kutali, miyezi iwiri osayankha foni, koma akudziwa tsiku ndi ola limene alamu anavundikira ndowa. Ndinamuyankha kuti ndimuimbiranso, n'kudula.

Ndinapita kuthanthwe ndekha. Ndinayang'ana pansi pa sola, m'mbali mwa bokosi, pazitsulo, kufuna kabowo kalikonse kamene kangakhale diso la kamera. Ndinakumbukira zonse zimene zinachitikira pafupi ndi wayayo: akazi anga akudandaula za achimwene awo, ine ndikutukwana mbuzi za eni, tsiku lina ndikutaya madzi kuseri kwa bokosi. Sindinapeze kamera, koma kusaipezako sikunanditonthoze. Ndagwira ntchito pabwalo la ndege, ndikudziwa kuti zoonera anthu siziikidwa poonekera.

Nditawauza akazi anga, anasiya kupeta n'kundiyang'ana.

"Muwauze abwere," anatero. "Koma asabwere kwa inu. Abwere kwa eni thanthwe."

Mayiyo anabwera yekha Loweruka. Ulendo uno panalibe galimoto. Anatsika minibasi pasiteji, n'kukwera kabaza, chikwama chili kumsana, nkhope ili yotuwa ndi fumbi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi thanthwe: alamu pampando, akazi anga pamkeka, aneba chapambali, ine kumapeto. Anthu ena anaima patali ngati akungodutsa. Mayiyo anagwada popereka moni kwa alamu, ndipo asanafunsidwe anati analakwa kusayinitsa pepala asanafufuze kuti malowo ndi a yani.

"Zimenezo tikamba," anatero alamu. "Yambani mwatsekula bokosi."

Anatsekula. M'katimo munali batire ngati ya galimoto, kabokosi kena kachikasu kokhala ndi mawaya, ndi kachipangizo kakang'ono kokhala ndi simukhadi ngati ya m'foni. Alamu anagwada, anatulutsa magalasi, n'kutsatira waya uliwonse ndi chala kuchokera kumene wayambira mpaka kumene wathera. Ananunkhiza batire. Anafunsa ntchito ya chilichonse, ndipo china akachifunsa kawiri ankamvetsera ngati yankho lisintha. Silinasinthe.

"Nanga za ndowa munadziwa bwanji?"

Mayiyo anatulutsa laputopu n'kuiika pampando. Panali timadontho tambirimbiri tondondozana ngati nyerere, tikuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pena tinadumpha pang'ono, ndipo anati pamenepo ndi pa chivomezi. Patsogolo pake pang'ono timadonthoto tinangothera panjira, kutsalira poyera.

"Apa ndi pamene chinasiya kumva masetilaiti," anatero. "Batire inali bwino, foni yake inkagwira, koma kumwamba sichinkamvako. Zikatero ndiye kuti chaphimbidwa ndi chitsulo. Sindinadziwe kuti ndi ndowa. Ndaiona lero."

Zinali zomveka, ndipo ine amene ndinazolowera zoyezera ndinaona kuti n'zotheka. Mtima unayamba kutsika. Koma aneba anakonza kapu yawo kumutu n'kufunsa mwaulemu:

"Mayi, ine funso langa ndi limodzi. Anthu oyeza malo, aja amaika malire a minda, chinthu ichi chingawathandize?"

Ndinayang'ana mayiyo. Ndinkayembekezera kuti akana, ndipo ndinkafuna kuti akane.

"Sindingakunamizeni, bambo. Chingawathandize. Woyeza malo akakhala ndi chipangizo chake m'dera lino, angathe kugwiritsa ntchito manambala a chathuchi kuti muyeso wake ukhale wolondola kwambiri. Ife sitinachiikire zimenezo, ndipo sichidziwa kuti munda uwu ndi wa yani. Koma mwafunsa ngati chingawathandize."

Aneba anayang'ana kwa ine. Alamu anafunsa kuti manambalawo amapita kwa yani. Mayiyo anati amapita pakompyuta ina yaikulu kunja kwa dziko, pamodzi ndi a zipangizo zina zambirimbiri za m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense wofuna, kulikonse padziko lapansi, angathe kuwatenga.

"Aliyense?"

"Aliyense wodziwa kuwawerenga."

"Ndiye mzungu amene sanapondepo ku Lirangwe akudziwa za thanthwe la amayi anga zimene ine sindikudziwa."

"Zili choncho, bambo."

Akazi anga anafunsa ngati chinthucho chinadziwiratu kuti kubwera chivomezi. Mayiyo anati ayi, ndipo palibe chipangizo chimene chinganene tsiku. Anati sichingayambitsenso chivomezi, pakuti chimangomvera, ndipo zitsulo zake n'zazifupi kuposa mjigo wa kusukulu, pomwe chivomezi chimachokera pansi kwambiri.

"Sichichenjeza, sichiletsa," anatero akazi anga. "Nanga ife chikutipatsa chiyani?"

Mayiyo anati zipangizozo zikakhala zaka zambiri, adzadziwa ming'alu imene ikusonkhanitsa mphamvu ndi imene yagona, ndipo omanga sukulu, zipatala ndi milatho adzauzidwa pamene ayenera kulimbitsa. Anati mwina phindu lake adzaliona ndi adzukulu athu. Akazi anga anayankha kuti adzukuluwo adzafunanso poyanika nandolo.

Palibe amene anakhutira kwathunthu, koma ndinaona kuti alamu asiya kumuyang'ana m'manja. Pambuyo pake anandiuza kuti munthu wobwera kudzaba sayankha funso la aneba lija mmene analiyankhira. Anawonjezera kuti zimenezo sizikutanthauza kuti amene anamutuma nawonso si akuba.

Tsiku lomwelo pepala latsopano linalembedwa, m'Chichewa. Alamu ndi akazi anga ndiwo ankanena mawu, ine ndikulemba m'kope la sukulu, pakuti dzanja langa ndi looneka bwino. Analembetsa kuti thanthwe ndi munda ndi za mbumba yawo, ndipo zidzakhala choncho. Malo obwereka ndi a m'kati mwa waya okha, ndipo alamu anawayeza ndi mapazi awo n'kundiuza chiwerengero. Pakatha zaka zitatu ofufuzawo adzabwere kudzapemphanso, akakanizidwa adzazule zitsulo zawo n'kutseka mabowo ndi simenti. Kiyi mmodzi azikhala ndi akazi anga. Wina aliyense wobwera m'dzina la chipangizocho asadutse m'munda asanaonekere kwa iwo. Dzina langa silinalembedwe paliponse. Aneba anasayina ngati mboni.

Mayiyo anati alibe mphamvu yovomera yekha, ayenera kukaonetsa akuluakulu ake kuti adinde chidindo. Kenako anapempha kuti ndowa ichotsedwe tsiku lomwelo. Anafotokoza kuti masabata otsatira chivomezi ndi amene nthaka imakhala ikukhazikika, ndipo manambala a nthawi imeneyo sapezekanso akadutsa. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimuthandize, akazi anga n'kundiyang'ana, ndipo ndinatseka.

"Pepala likabwera ndi chidindo, ndowa ichoka," anatero alamu.

Linatenga masabata asanu ndi awiri. M'masabata amenewo nthaka inagwedezekanso kawiri, pang'onopang'ono, ndowa ili pompo. Anthu amene ankati chitsulocho ndicho chimayambitsa zivomezi anagawanika. Ena anati zasonyeza kuti sichinali icho, ena anati ndowa ndi yopyapyala. Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, ndipo za mitambo zija zinangozilala zokha. Pepala litafika, alamu anatenga tsiku lonse asanapite kuthanthwe. Anakalionetsa kaye kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu kuti aone ngati chidindocho n'chenicheni. Madzulo ake anamasula waya, anachotsa ndowa, n'kuibweza kukhitchini ili ndi chisa cha mavu m'kati.

Mayiyo anabweranso kangapo. Nthawi zonse ankayamba kwa akazi anga, ndipo ankabwera ndi pepala losindikiza la timadontho tija kuti alamu aone. Mpata wa masabata asanu ndi awiri unkaoneka pakati, woyera, ndipo alamu ankauloza ndi chala ngati munthu woloza nyumba imene anamanga yekha. Aneba anagumula khoma lawo n'kumanganso, ulendo uno ndi simenti yambiri ndi waya pakati pa njerwa monga anawalangizira mayiyo. Koma ndinamva kuti anapitanso kuboma kukafunsa za kalembera wa munda wawo, ndipo mpaka lero akakwera njinga sadzera njira ya kuthanthwe.

Chaka chatha, nthawi yokolola, kunabwera bambo wina wonenepa pagalimoto yoyera yopanda chizindikiro. Anandipeza ndikukolola chimanga ndipo anandipatsa moni wa Chingerezi. Anati mayi uja anapita kunja kukapitiriza maphunziro, iye ndiye watenga malo ake, ndipo wabwera kudzachotsa kabokosi kachikasu kuti aikemo katsopano. Anali ndi kiyi wake m'manja. Ndinamuuza kuti ine ndilibe mawu pamenepo, n'kumulozera kunyumba.

Akazi anga anamupatsa mpando ndi madzi, kenako anamufunsa kalata. Analibe. Anatulutsa chitupa cha kuntchito chokhala ndi chithunzi chake, koma iwo anati chitupa amapanga ku Limbe tsiku limodzi. Bamboyo anayamba kukwiya. Anati wayenda zipangizo zisanu ndi chimodzi sabata imeneyo, kuchokera ku Balaka, ndipo palibe kumene anamuvutitsa chonchi.

"Kumeneko n'kumeneko," anatero akazi anga. "Muwaimbire mayi aja ndiwamve."

Bamboyo anati kumene mayiwo aliko nthawi ndi yosiyana, mwina sanadzuke. Akazi anga anati adikira, pakuti chimanga chosola chilipo chambiri. Anaitanitsa alamu, amene anabwera n'kukhala moyang'anizana ndi galimotoyo, akulemba nambala yake pachikhatho. Bamboyo anakhala maola atatu pakhonde pathu, akutumiza mauthenga, thukuta likutsika. Foni italira anaipereka kwa akazi anga ndi manja awiri. Anali mayi uja. Anacheza za mvula, za nandolo, za khoma la aneba, kenako anatsimikiza kuti munthuyo ndi wawo.

Anapita onse atatu kuthanthwe, ine ndikubwera pambuyo. Bamboyo anachotsa kabokosi kachikasu n'kuikamo kena kakuda, kakang'ono kuposa koyamba, kokhala ndi mawaya awiri owonjezera. Alamu anafunsa ntchito ya mawayawo. Bamboyo anati wina ndi wa masetilaiti a maiko ena amene koyamba kaja sikankawamva, winayo ndi woyeza kutentha kwa m'bokosi. Alamu anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati zimenezo n'zomveka. Kanali koyamba kundifunsa maganizo anga pankhaniyi. Ndinawauza zoona, kuti za waya woyamba ndikuzimva, koma wachiwiriwo sindingalumbire.

Akazi anga anauza bamboyo kuti kabokosi kakale asapite nako mpaka atabweretsa kalata yonena zimene katsopanoko kamachita. Anakana, anachonderera, anaimbanso foni, pomaliza anakasiya. Akazi anga anakakulunga m'chitenje chakale n'kukaika pamwamba pa kabati, pafupi ndi mabuku a nyimbo. Kalatayo sinafikebe, ndipo zaka zitatu zija zikutha mwezi wa Disembala.